Chinaka cha Mkamwini

Amuna anga a Edson anabwera kuchokera ku Joni ndi sutikesi yachitsulo, chikhothi chofika m'maondo, ndi vuto limene palibe anandichenjeza: anali atasiya kudya nyama. Mngoni weniweni wa ku Kandeu, wokulira m'khola la ng'ombe! Anzawo amene Wenela inawalemba ntchito ya kumigodi ankabwera ndi chifuwa kapena opanda chala, anthu n'kumvetsa. Anga anabwera athunthu, koma akangomva fungo la nyama yootcha ankadzuka n'kukaima kumunda wa kachewere ngati pali chimene aiwalako.

Inali nthawi ija nkhondo ya azungu itangotha. Popita kumigodi anatsagana ndi mlongo wanga Obed, koma anabwerako okha. Obed unamugwera mwala pansi pa mgodi, ndipo chimene chinafika kwathu ku Tsangano ndi bulangete lake basi. Amayi anga, Anangozo, analilandira n'kunena kuti, "Amene anaika mwana wanga m'manda sadzagona ndi njala pamudzi pano." Tsiku lomwelo anapha tambala wawo wamkulu.

Ife timakhala kwathu, kuseri kwa nkhokwe za amayi. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana ndipo sadyera pamodzi, amalankhulana ndi mbale. Ikapita yodzaza n'kubwerako yopanda kanthu, ndiye kuti pali mtendere. Mbale ya tambala uja ndinaibweza ndine, nthutumba ili pamwamba penipeni monga anaiikira amayi.

"Akudwala?" anafunsa amayi.

"Sakudwala."

"Alowa mpingo wina?"

"Ayi, Lamulungu tinali nawo kutchalitchi."

"Nanga n'chiyani, Lufina?"

"Akuti sangathe, amayi."

Yankho lawo linali lomwelo, ngakhale kwa ine mkazi wawo: sangathe. Ndinafunsa mwaulemu, ndinafunsa mokalipa, ndinafunsa ndikulira, koma iwo ankangoyang'ana zala zawo.

Ndiye inandiyambira ntchito yosaka ndiwo. Ndinaphika nyemba mpaka mwana wathu Dailes anayamba kulira akangomva kugogoda kwake mumphika. Ndinasintha, khobwe lero, nandolo mawa. M'dzinja ndinkalawirira m'thengo kukazula bowa, n'kumuyanika padenga kuti ndikamuphika azitafunika ngati nyama yofutsa. Zimenezo ankadya mpaka kunyambita zala. Ndinayesa ngumbi, poganiza kuti ngumbi si nyama, koma anakankha mbale. Mbewa anakana. Timatemba touma timene ndinagula pamsika anatiyang'ana n'kunena kuti, "Amake Dailes, tili ndi maso."

"Maso ake akukuonani, touma kale?" ndinawafunsa. Mtima unali utandikwera zedi. Panthawiyi nkhuku zathu zinali zitachuluka n'kuyamba mwano, zikulowa m'nyumba ngati zikudziwa kuti mpeni wapabanja pano unapuma.

Ine ndikanapirira, koma nkhani inali kwa amayi. Ndinawapempha kuti azingotumiza masamba.

"Mkamwini wochokera ku Joni ndimutumizire chisoso? Anthu aziti Anangozo aumira liti chonchi?"

Tsiku lina anagonja, kapena ndimayesa agonja. Anatumiza nkhwani wotendera wonunkhira bwino, koma anali atathiramo mafuta a nkhuku mobisa, ati munthu azolowere pang'onopang'ono. A Edson anatapa kawiri, n'kuthamangira kuseri kwa khola kukasanza mpaka misozi. Mwatsoka anawaona Salome, mkazi woyandikana nafe, amene pakamwa pake sipagona nkhani. Pofika madzulo kuchitsime konse kunali kutamveka kuti Anangozo amudyetsa mankhwala mkamwini wawo, n'chifukwa chake mbale zawo zimabwerera.

Amayi atamva anandiitana. Sanakweze mawu, ndipo mpamene ndinachita mantha.

"Ndakalamba ndi dzina labwino pamudzi pano. Mwana wanga ndaluza, lero ndikhalenso mfiti chifukwa cha ndiwo? Mbale yanga ikabwereranso yodzaza, ndiitana ankhoswe. Anyamule sutikesi yawoyo azipita kwawo ku Kandeu."

"Ndiye atumizireni nyemba, amayi!"

"Nyemba akadye kwa mkazi wawo. Yanga ndi mbale ya apongozi."

Taonani pamene anandiika anthu awiriwa. Wina safuna nyama, wina safuna kutumiza chosaoneka ngati nyama, ndipo banja limene linali kutha ndi langa. Ndinakwiyira onse awiri mofanana.

Nzeru inandibwerera pamsika pa Tsangano, nditaona mayi wina wa kutsidya kwa Apwitikizi akudula chinaka palichero. Chinaka ndi timizu tam'dambo tonga timbatata, koma tikaphikidwa timagwirana n'kufiira ngati chiwindi. Munthu amachidula ndi mpeni, ndipo patali ungalumbire kuti pafa ng'ombe. Ndinathamangira kwa amayi.

"Chinaka ndinachiphika iwe usanabadwe," anatero, ataganiza kaye. "Chimenecho chingalowe m'mbale yanga. Koma kokumba upite ndiwe."

Ndinapitadi, m'chisanu cha mwezi wa Juni, chija zimasweka nacho zidendene. Timizuti sitimera pamodzi ngati kachewere. Umasaka kaphesi kouma pakati pa udzu, n'kukumba, n'kupeza kamodzi kolingana ndi chala chachikulu. Tina umatidula ndi khasu, tina umatipeza titaola. Misundu inandiyamwa m'miyendo, matope anandifika m'maondo, ndipo ndinkakumba ndikutukwana Joni ndi migodi yake yonse. Nditabwera kangapo, kadengu kanadzaza.

Amayi anachitsuka, anachiyanika, anachisinja, n'kuphika okha m'khitchini mwawo atatseka chitseko, poti sankafuna Salome aone. Chitazizira anachidula bwinobwino m'zidutswa, anathira msuzi wa tomato ndi anyezi, n'kuvundikira ndi mbale inzake. Ndinanyamula ndi manja awiri, mtima uli m'malo koyamba chibwerere a Edson.

Anavundukula, anayang'ana, n'kuvundikiranso.

"Abambo a Dailes, si nyama imeneyi. Ndi chinaka."

"Chiwindi ichi."

"Chinaka! Ndakumba ndekha! Taonani miyendo yangayi!"

"Wakumba ndiwe, koma waphika ndani? Nkhwani ujanso ankati ndi nkhwani."

Apo ndiye zinandikwana. Ndinakhala pansi pakhomo penipeni, n'kuwauza kuti mbale imeneyo sindibweza. Ndinawauza za ankhoswe, za Kandeu, za zimene akunena anthu kuchitsime. Ndinati ngati akufuna kuthetsa banja anene ngati mwamuna, asabisale kuseri kwa ndiwo. Ndinalankhula mpaka mawu anasasa, nkhuku zamwano zija zitaima n'kumandimvetsera.

 Kenako a Edson analankhula akuyang'ana pansi.

"Zoti Obed wafa sindinachite kuuzidwa ndi munthu. Ndinamufukula ndine, ndi manja awa. Mwala unali utamuphwanya moti sindinamunyamule kamodzi. Tsiku lomwelo kukomboni kumene tinkagona linali tsiku logawa nyama. Anandiponyera yanga m'manja, yaiwisi, ndisanasambe n'komwe. Chiyambire pamenepo, ndikaiona ndimaona iyeyo. Ndiye ndiwauze bwanji amayi ake? Ndikawauze kuti tambala wanu akundikumbutsa mmene ndinamutolera mwana wanu?"

 Chisoni chinandigwira, koma ukali sunachoke wonse, chifukwa munthu ameneyu anandisiya ndikuthamangitsana ndi ngumbi ndi mbewa chaka chathunthu, mawu ali nawo m'kamwa. Mbale ndinaisiya pomwepo. Kwa amayi ndinapita chimanjamanja, ndinagwada, n'kuwauza zonse monga ndinazimvera.

Amayi anamva zonse n'kudzuka. Analowa kuchipinda kumene amasunga bulangete lija, ndipo tsiku limenelo sanatulukenso. Ine ndinkangodikira kumva kuti atuma uthenga kwa ankhoswe.

M'mawa mwake ndinamva kugunda kwa mtondo. Amayi anali atatulutsa mafuwa, mphika ndi chinaka chotsala, n'kuziika pabwalo poyera, pamene aliyense wopita kuchitsime amadutsa.

"Lufina, kawauze amuna ako akhale apo pambali pa nkhokwe, poti aziona mphikawu. Ine ndiwafulatira."

Sizinachitikepo pamudzi pathu kuti mkamwini aonerere apongozi ake akuphika. A Edson anabwera atavula chipewa, n'kukhala pansi mwamanyazi, theka la thupi litabisika ndi nkhokwe. Salome anatula mtsuko wake panjira osadzibisa n'komwe. Amayi anapereka msana kwa mkamwini wawo, ndipo chilichonse asanathire mumphika ankachikweza m'mwamba n'kulankhula mofuula, ngati ine ndili kutsidya la dambo pamene ndinali pambali pawo.

"Lufina, awa ndi madzi a pachitsime chathu chomwechi!"

"Ndaona, amayi."

"Iyi ndi nsinjiro, mtedza wa m'munda mwanga! Ichi ndi chidulo, phulusa la zitsononkho! Uwu ndi mchere! Ichi ndi chinaka, chokumba iwe wemwe! Pali chamaso apa?"

"Palibe, amayi."

"Uwauzenso a Salome, mwina sakuona bwino ali patalipo."

Anatakasa mpaka mkono unatopa, ine n'kulandira mthiko, iwo n'kundilandanso ati ndikuchita ulesi. Phala lija linalimba, linafiira, linayamba kunyezimira. Analowetsa kaudzu pakati, kanatuluka koyera. Anavundikira, anaika makala pachivundikiro, ndipo tonse tinadikira kuti chizizire, a Edson osasuntha pamene anakhala.

Chitazizira amayi anachigubuduzira palichero n'kutenga mpeni. Sanayambe kudula pakati pofewa, pamene amapatsa alendo. Anadula m'mphepete, mopserera muja, n'kuika m'mbale. 

"Obed ankalimbirana kopserera kuno," anatero, tsopano motsitsa mawu. "Kawapatse."

Ndinakapereka nditagwada. A Edson anayang'ana mbaleyo kanthawi, ananyema kachidutswa, anatafuna, n'kumeza. Ananyemanso. Misozi inkagwera m'mbale momwemo koma sanasiye, anadya mpaka anapukuta ndi chala. Ndinanyamula mbale ija n'kukaiika patsogolo pa amayi. Anaiyang'ana mkati, anaitembenuza, ndipo kulira kumene sanalire tsiku lolandira bulangete kunayamba pamenepo, atafulatirabe mkamwini wawo.