Seva Yachisanu

Taganizirani inunso, mwina mungandipose nzeru. Mafomu 3,112 a anthu ofuna malo ku sukulu ya unamwino anasowa m'chipinda chokiya, chopanda ndi zenera lomwe. Mbala sinalowe, magetsi sanazime, moto sunabuke. Kodi mafomuwo anali kuti nthawi yonse imene ndinkawasakasaka?

Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta pa kampani ina yaing'ono. Chaka chino sukuluyo inatipatsa ntchito yolandira mafomu kudzera pa intaneti, ndipo nthawi yotseka inali Lachisanu, 12 koloko masana. Sabata yomaliza anthu anachuluka kwambiri moti nkhokwe yathu yaikulu, imene imalemba zinthu pa disiki, inayamba kutsamwa. Lachitatu m'mawa abwana analamula kuti mafomu atsopano tiziwaika kaye mu kashi, tidzawasamutse tsiku lotsekalo.

Kashi ndi malo osungira zinthu mongoyembekezera. Siilemba pa disiki, imangosunga m'memori, ndipo n'chifukwa chake ndi yachangu. Yathu inali pa maseva anayi, makompyuta osungira zinthu, m'kachipinda kozizira kuseri kwa ofesi, momwe makina oziziritsa mpweya ankadontheza madzi m'ndowa yobiriwira. Fomu iliyonse inali ndi kiyi yake, imene inali nambala ya chitupa cha mwini fomuyo. Ife sitinkayankhula ndi masevawo mwachindunji. Tinkagwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa laibulale: ukakapatsa kiyi, ikonso kamapita kwa seva yoyenera n'kukubweretsera chimene unasunga.

Mwa mafomuwo munali ya mchemwali wanga. Aka kanali kachitatu kuyesa, komanso komaliza, chifukwa sukuluyo sitenga munthu wopitirira zaka 25. Iye anakonzeka kalekale, sabata yoyamba yomwe. Ndine ndinamuletsa.

"Dikira ndikuonere bwino zithunzi za masatifiketi," ndinatero. "Ukuthamangira chiyani? Makinawo ndi athu."

"Achimwene, inu ndi kuzengereza, pa mphuno ndi pakamwa," iye anatero akuseka. Tinatumiza Lachitatu masana.

Lachisanu ndinafika ku ofesi ndili ndekha pa maseva. Amene amawadziwa bwino ndi mayi wina wamkulu amene timawatchula kuti aNamagalasi, koma iwo anali atapita kukazulitsa dzino, foni atazimitsa. Pofika 10 koloko memori ya maseva anayiwo inali itatsala pang'ono kudzaza. Ndinatenga makina ena amene anali pakona, n'kuwapukuta fumbi, n'kuwalumikiza, n'kuwonjezera adiresi yake pa mndandanda wa laibulale. Maseva anakhala asanu. Ndinatuluka m'kachipindako ndikudziyamikira mumtima.

Nthawi ya 11 koloko ndinayamba kusamutsa. Pulogalamu yanga inkapereka kiyi imodziimodzi kwa laibulale n'kumadikira fomu. Kiyi yoyamba: palibe. Yachiwiri: palibe. Yachitatu inabweretsa fomu. Kenako palibe, palibe, palibe, mizere ikutsetsereka pa sikirini. Pa makiyi asanu alionse, imodzi yokha ndi imene inkabwera ndi kanthu. Laibulaleyo siinkanena kuti chalakwika n'chiyani. Inkangoyankha mwaulemu, mwachangu, kuti palibe.

Ndinalemba nambala ya chitupa cha mchemwali wanga ndi zala zanga. Ndimaidziwa pamtima. Palibe. Ndinailembanso pang'onopang'ono. Palibe.

Foni inalira. Anali iyeyo.

"Achimwene, fomu yanga yapita?"

"Tikusamutsa panopa."

"Mawu anuwo bwanji? Mwadya koma?"

"Ndadya. Ndikuimbira."

Abwana anatulukira atakolekera jekete paphewa, n'kuwerama kumbuyo kwanga. Ndinawafotokozera zimene ndinkaganiza: kuti masevawo anadzaza m'mawa uja n'kuyamba kutaya mafomu akale pofuna kupeza malo a atsopano.

"Ndiye kuti ataya?"

"Zikuoneka choncho, bwana."

"Nanga a anthu amene akutumiza panopa, nawonso akutayidwa?"

"Sindikudziwa."

"Iwe, chimene umadziwa n'chiyani? Zimitsa zonsezo uyatsenso, ziyambe zili mbee."

"Bwana, zili m'memori. Ndikazimitsa, chilichonse chili m'menemo chifufutika."

"Chifufutika chiyani? Si wanena wekha kuti mulibe kanthu? Madzi akatayika saoleka, mphwanga. Pulumutsa otsalawa."

Ndinayesa kuimbira aNamagalasi kanayi, foni yosapezeka. Ndinakopera ku nkhokwe yaikulu mafomu onse amene anapezeka aja. Kenako ndinalowa m'kachipinda kozizira. Timagetsi tobiriwira tinkaphethira monga mwa masiku onse, madzi akudontha m'ndowa. Nthawi ili 11:40 ndinazimitsa maseva onse asanu, n'kuwayatsanso. Mafomu atsopano anayamba kulowa ndi kutuluka bwinobwino mpaka 12 koloko. Abwana anandisisita paphewa.

Masana omwewo abwana anaimbira akuluakulu a sukuluyo. Ine ndinkamva mbali imodzi yokha: "Inde... inde, tikumvetsa... ayi, vuto la makina." Yankho linali lakuti mafomu amene anafika anali kale ochuluka kuposa malo, ndipo komiti ikhala Lolemba. Mwayi wotumizanso panalibe. Amene fomu yake sinafike adikire chaka chamawa.

Loweruka ndinapita kwathu. Ndinapeza mchemwali wanga atakhala pakhonde, atagwira dzanja la amayi, akuwerenga kugunda kwa mtima wawo ndi kawotchi kamene anagula dala chifukwa kali ndi muvi wa masekondi.

"Ndasanduka chidole chophunzirira," amayi anatero. "M'mawa andipima, masana andipima. Ndikafa ndidzafa ndi kupimidwa."

Ndinakhala pansi, n'kunena zonse. Sindinakometse. Mchemwali wanga anamvetsera mpaka kumapeto asanasiye dzanja la amayi.

"Chaka chamawa ndidzakhala ndi zaka zingati, achimwene?"

Ndinayamba kutembenuzatembenuza foni m'manja.

"Ndikufunsa. Paja masamu mumawatha ndinu."

"Mwina tikalemba kalata..."

"Kalatayo mudzandioneranso zithunzi?"

Amayi anati, "Iwe, mlongo wakotu ameneyu." Iye anavula kawotchi kaja, n'kukaika pa mpando, n'kulowa m'nyumba. Sanalire, sanamenyetse chitseko. Ndikanakonda akanamenyetsa. Ndinakhala pakhondepo mpaka amayi anandiuza kuti ndizipita, minibasi zingathe.

Lolemba aNamagalasi anabwera tsaya lili lotupa, akuyankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa. Anamva nkhani yonse osandidula mawu. Kenako anakokera mpando pa kompyuta yanga, n'kutsitsa magalasi awo pamphuno, n'kutsegula mndandanda wa maseva.

"Mwanangu, seva yachisanuyi yachokera kuti?"

"Ndinaiwonjezera ine, mayi. Memori inkadzaza."

"Nthawi yanji?"

"Teni koloko."

Anavula magalasi n'kutikita m'maso. Anatenga pepala n'kujambula timabokosi tinayi.

"Laibulale yathuyi ilibe buku lolembamo kuti chakuti ndachiika kwakuti. Imatenga kiyi, n'kuisandutsa nambala, n'kugawa ndi kuchuluka kwa maseva. Chotsala ndicho chimaiuza khomo loti igogode. Posunga imawerengera choncho, potenga imawerengeranso choncho." Anajambula kabokosi kachisanu. "Posunga inagawa ndi folo. Iwe potenga unaigawitsa ndi faifi. Yankho likhala limodzi?"

Ndinayang'ana timabokosi tija, n'kuyamba kuwerengera mumtima.

"Inkagogoda makomo olakwika," iwo anatero. "Ndipo seva ukaifunsa chimene ilibe, imangoti palibe. Siinena kuti kafunse kwa mnzanga."

"Koma maseva anadzaza, mayi. Anataya okha."

"Unaona kuti ataya, kapena unaganiza?"

Anatsegula failo ina imene ine sindinaiganizire tsiku lija, mmene seva iliyonse imalembamo mphindi iliyonse kuchuluka kwa zinthu zimene ikusunga ndi zimene yataya. Anatsitsa mpaka pa Lachisanu. Pa zotayidwa panali ziro kuyambira m'mawa. Anaika chala pa mzere wa 11:39, kenako pa mzere wa 11:41.

"Ukanangochotsa kamzere ka seva yachisanu kaja pa mndandanda," anatero motsitsa mawu. "Ntchito ya mphindi imodzi."

Anadzuka kukataya madzi a m'ndowa, ine n'kutsala ndi manambalawo.

Mafomu onse 3,112 anali momwemo, m'maseva anayi akale aja, iliyonse pamalo pamene inaikidwa, ya mchemwali wanga ili mu seva yachiwiri. Anafufutika nthawi ya 11:40, pamene ndinazimitsa makinawo ndi dzanja langa.