Mbale ya Fumbi

Chimwalirireni mbuye wake, Fumbi sanadyenso m'mbale yake. Mayi wamasiye ankamuikira chakudya pakhonde, pomwe malemu amuna awo ankamuikira, koma galuyo ankangokhala pansi, kuyang'ana mbale, kenako n'kuyang'ana mayiwo. Ntchentche zikachuluka ankanyamuka n'kulowera kudzala la kuseri kwa butchala. Ankabwerako akununkha, nthiti zikuwerengeka.

Tsiku lina wogulitsa nyama anafika, chipewa chili m'manja.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Koma makoswe atisautsa, ndiye Loweruka tithira mankhwala kudzala kuja. Galu wanuyu mum'mange, ndisadzakulizeni kawiri."

Anam'manga, koma Fumbi anatafuna chingwe n'kuthawa. Mwana wawo wamkazi, amene anabwera kudzakhala nawo maliro atatha, anayesa zonse. Anam'phikira mazira, anam'thirira msuzi wa nyama. Anayesa kumachotsa mbale msanga kuti njala imulange. Ayi ndithu.

"Galu wamatama ngati bwana uyu!" anatero mwanayo. "Zowola akudya, zophika akukana. Amayi, tingom'pereka kwa amalume."

"Wangotsala ndi iyeyu wondikumbutsa bambo ako," anayankha mayiwo. "Asapite kulikonse."

Lachisanu madzulo mwana uja anatuluka ndi mbale ziwiri, ina ya galu, ina ya amayi ake. Zonse zinangozizira.

"Inunso mwayamba kufanana ndi galu wanuyu. Taonani mikonoyo! Mpaka liti mukungomwa tiyi?"

"Pakhosi sipakudutsa kanthu, mwanawe."

"Abambo akanakukalipirani."

Mayiwo anamwetulira pang'ono. "Aja? Sankadziwa kukalipa. Ankangoima apa ndi mbale ya Fumbi n'kumafuulira kukhitchini, ati mwadya kodi, eni nyumba? Ankati galu sangayambe kudya wophika ali ndi njala. Ine n'kumayankha ndili m'kati motsuka mapoto, ndadya..."

Fumbi anadzutsa makutu. Anaimirira, n'kuyang'ana mayiwo, mchira ukugwedera pang'onopang'ono.

Mwana uja anagwira pakamwa.

"Amayi, ndiye kuti nthawi yonseyi amadikira inu? Tanenaninso!"

Mayiwo anapukusa mutu. "Bambo ako sindinawanamizepo pa zimenezi. Ndikayambire pa galu wawo?"

Anakoka mbale yawo. Chakudya chinali chitazizira, koma anadyabe, misozi ikudonthera m'mbalemo. Atatha anapukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo n'kuyang'ana mwana wawo.

Mwanayo ananyamula mbale ya Fumbi n'kuima pamene ankaima bambo ake.

"Mwadya kodi, eni nyumba?"

"Ndadya."

Fumbi anaweramira m'mbale. Anadya mosafulumira, akumaima apo ndi apo kuyang'ana kuchipata, ngati pali wina amene wachedwa kuweruka. Atanyambita mbale anakagona pansi pa mpando wa malemu.

M'mawa mwake fungo la kudzala linabwera ndi mphepo. Fumbi ananunkhiza, n'kutsamiritsanso mutu pa mapazi a mayiwo. Iwo anam'sisita m'khosi.

"Basi, bwanawe," anatero chapansipansi. "Tizidyera limodzi. Wotifunsa uja ndiye sabweranso."