Theka la Mutu wa a Ambrose

Alendo a magetsi anasankha kubwera Lachisanu, ndipo anafika 12 koloko itangodutsa. Aliyense wobadwira kuno ku Makanjira akanawauza kuti nthawi imeneyo pamsika pathu pamatsala mbuzi, ine wometa tsitsi, ndi Akhristu anzanga ochepa. Koma ulendowo anaukonzera ku Lilongwe, mu ofesi yozizira, osafunsa munthu.

Nkhani yake inali iyi. Zaka zitatu zapitazo kampani ina inatiikira magetsi a dzuwa, mapanelo kuseri kwa msika ndi kanyumba ka mabatire. Woyang'anira wake ndi Safia, mwana wa Che Nasir a chigayo, amene anakaphunzira zamawaya n'kubwerera kwawo pomwe anzake ankakakamira m'tauni. Tsopano eni kampaniyo ankafuna kuwonjezera mapanelo, koma malo amodzi okha, kwathu kapena ku Katuli. Safia anawalembera makalata anayi kuti magetsi akutichepera. Iwo anati tidzaone ndi maso.

Ndiye anaona. Chigayo chotseka. Kowotcherera zitsulo loko wachita kulendewera. Makina a telala ofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi.

Mkulu wa alendowo anali a Ambrose, bambo wa mimba yake, wa tsitsi longa chisa cha nantchengwa. Anayang'ana mita, n'kuyang'ana Safia.

"Mayi, mwati magetsi akuchepa? Ine ndikuona mafiriji awiri ndi wailesi."

"Anthu ali ku mzikiti, bwana. Dikirani atuluke."

"Boti lathu likunyamuka. Ndege ya ku Makokola sidikira swala."

Mayi Celestina, amene amagulitsa ayezi kwa asodzi, anakokera Safia pambali. Lachisanu lililonse Che Nasir amawasungitsa makiyi a chigayo, ndipo Lamlungu iwo amasiya awo kwa Che Nasir.

"Mwana wanga, ndikalize chigayo? Chizingolira chopanda chimanga, amva bwanji?"

"Ayi, amayi. Akadzazindikira adzati makalata anga onse anali bodza."

Alendo anali atayamba kale kulunjika kudooko.

"Bwana!" ndinaitana. "Tsitsi limenelo mukwera nalo ndege? Akakulipiritsani ngati katundu."

Anzawo anaseka. A Ambrose anagwira kumutu.

"Ukutha kumeta iwe?"

"Ndinameta ku Joni zaka zinayi, bwana. Mphindi zisanu mutuluka muli mnyamata. Komanso mulawe magetsi anu pamutu panu."

Anakhala pampando. Ndinawafunditsa nsalu, n'kuyamba mbali ya kumanzere, kuchokera pakhutu mpaka pakati peni peni pa mutu, mpala wosalala. Munthu wometedwa theka sapita kulikonse, ngakhale atamuitana apongozi. Kenako ndinazimitsa makina n'kuyamba kuthira mafuta.

"Ukutaninso?"

"Tsitsi lanu n'lolimba, bwana. La anthu oganiza kwambiri."

Ndinatsuka chipeso. Ndinafunafuna burashi imene inali m'thumba mwanga. Ndinawafotokozera mmene ndinadutsira ku Mozambique pa lole ya matumba a nyemba, ndipo a Ambrose anayang'ana wotchi katatu.

"Wati dzina lako ndi Simioni? Ukundichedwetsa dala."

"Ine? Ndikanakhala ndi nzeru zotero bwezi ndili ndi ofesi ngati inu."

Pamenepo ndinamva nkhwaira zikukhwekhwereza pamchenga. Mizuli ndi mikanjo yoyera inadzaza njira ya kumzikiti. Che Nasir analandira makiyi awo, ndipo chigayo chinatsokomola kawiri n'kuyamba kubuula, amayi a madengu atafola kale. Kwa Sumani moto wowotcherera unayamba kuthetheka. Macheka a okhoma maboti analira, telala anavundukula makina, Mayi Celestina anayatsa chopangira ayezi chawo chachikulu chifukwa asodzi anali atatuluka m'swala ndi zidebe zawo. Pamsika ponse panangoti wiii.

Ndinayatsa makina anga, n'kuwaika pamutu pa a Ambrose. Anayenda kamzere kamodzi, n'kuti zii. Chigayo zii. Macheka zii.

"Safia!" msika wonse unakuwa pamodzi, monga umachitira tsiku lililonse.

A Ambrose anadzuka ndi nsalu yanga m'khosi, mutu theka mpala theka nkhalango, n'kulondola Safia ku kanyumba ka mabatire. Anthu anawapatsa njira mwaulemu, aliyense atagwira pakamwa.

Safia sanathamange. Anatsegula bokosi, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Ababa, chigayo chidikire mpaka 2 koloko. Che Sumani, inu 3 koloko. Ayezi ayambe, nsomba zingaole."

"Ine bambo ako ndidikire?" anatero Che Nasir.

"Dzulo munayamba ndinu."

Anakweza chogwirira, magetsi n'kubwerera. A Ambrose anafunsa kuti zimenezi zimachitika kangati.

"Tsiku lililonse, bwana, kupatula nthawi imene munafika ija. Ndimagawa ngati ndiwo pamaliro. Pali anthu khumi ndi awiri amene anagula makina, koma akadali m'makatoni. Ndinawaletsa kulumikiza."

"Ndiwaone."

Anayenda nawo khomo ndi khomo, mutu uli chomwecho. Woyendetsa boti analiza belu mpaka kutopa. Ndege ya ku Makokola inapita yokha.

Atabwerera pampando wanga anali atatuluka thukuta, mnzawo akulemba zonse zimene Safia ankanena: mapanelo angati, mabatire angati, waya wofika mpaka kudooko.

"Mayi," anatero a Ambrose, "mapanelo abwera kuno. Koma mudzawaika ndinu, sinditumiza munthu wa ku Lilongwe."

Che Nasir anakonza mzuli wawo, n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati onse amva.

"Ameneyo ndi mwana wanga," anauza mlendo wina amene sanafunse n'komwe.