Madzi Atsopano Pansanjika Iliyonse

Nyumba ya maofesi imeneyi ndaikolopa zaka khumi ndi zinayi. Ili ndi nsanjika zisanu ndi ziwiri, ndipo masitepe ake ndimawadziwa ngati mano a m'kamwa mwanga. Choncho atabwera kapitawo watsopano ndi kabuku kawo m'manja, sindinaganize kuti angandisowetse mtendere. Ndinalakwitsa.

Anzanga anawapatsa dzina loti a Ndalemba, chifukwa mawu awo anali omwewo basi. Kafumbi pawindo, "Ndalemba." Ukayasamula, "Ndalemba." Miyezi iwiri isanathe anali atandipatsa makalata awiri ochenjeza, ndipo pano ukalandira yachitatu ntchito yatha. Mlonda wa pageti ndiye ananditsina khutu kuti malo anga akufunira mlamu wawo. Ine ndili ndi ana atatu, ndipo amadya kuchokera m'ndowa yomweyi.

Lolemba masana anandiitana.

"Mawa ndikutsatirani tsiku lonse, mayi. Kulikonse mungapite, ine ndili pambuyo panu, ndipo madzulo lipoti lipita kwa bwana wamkulu. Zija mumachita zokolopa nsanjika ziwiri ndi ndowa imodzi zitheretu. Nsanjika iliyonse madzi atsopano, ndipo ndiziona ndi maso anga mukutunga."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinkafuna kuwafunsa ngati chibadwire anakolopako ngakhale khonde la mayi awo. Koma ndinakumbukira zinthu ziwiri zimene iwo sanaziganizire: mipopi yam'mwamba inauma kalekale, madzi timatunga pansi kuseri kwa nyumba, komanso chikepe chinali chitafa m'mawa womwewo.

"Chabwino, bwana."

Lachiwiri anabwera atatchena: jekete, tayi, nsapato zosongoka zonyezimira. Pansanjika yoyamba ndi yachiwiri ankathamangira kutsogolo, kulumpha masitepe awiriawiri, n'kumaima pamwamba akufuula kuti ndifulumire. Ankapitisa chala pamwamba pa zitseko, ankagwada kusuzumira pansi pa matebulo, pakamwa osapuma. Ine ndinkakwera monga ndimakwerera masiku onse, sitepe imodzi imodzi, ndowa kudzanja lamanja, ndikafika pokhota ndisinthe dzanja. Ndinkakolopa mpaka m'makona, kenako tonse awiri n'kutsika kukatunga.

Pansanjika yachitatu jekete linavulidwa. Pa yachinayi tayi inalowa m'thumba, ndipo kufuula kuja kunatha, kunangotsala wefuwefu.

"Madziwa akadali oyera," anatero nditamaliza yachinayi. "Pitirizani nawo omwewa."

"Ayi bwana, lamulo. Mungandilembe."

"Ndiye tsikani nokha, ine ndikudikirani pano."

"Nanga mukadziwa bwanji kuti ndatunga atsopano? Paja munati muziona ndi maso anu."

Panali amayi awiri a muofesi amene ankamvetsera chitseko chili chotsekula. A Ndalemba anawayang'ana, n'kudzuka. Tinatsika. Pampopi mlonda uja anawafunsa mwaulemu wonse ngati awabweretsere mpando, iwo anangomuponyera diso.

Musaganize kuti ine ndine chitsulo. Bondo langa lamanzere linkayaka moto, ndipo chogwirira cha ndowa chinali chitandidula m'manja. Pokwera kupita ku yachisanu ndinaona tinyenyezi. Ndinkawada munthuyu ndi mtima wanga wonse, ndipo chidani chimenecho ndi chimene chinkanyamula ndowa. Ndinangodziuza kuti ndisaime, chifukwa ndikangoima kamodzi adziwa kuti nanenso ndatha. Nkhope ndinaiumitsa gwa, ndipo ndinayamba kung'ung'udza kanyimbo kuti amve kuti mpweya ndikadali nawo.

Yachisanu sanaiyendere n'komwe. Anatsamira khoma, kabuku kali kukhwapa, malaya atamatirira kumsana. Titatsika n'kuyambanso kukwera, ndinkamva nsapato zawo zikukhwekhwereza pambuyo panga, kenako sindinazimvenso. Nditacheuka ndinawapeza atakhala pamasitepe, pakati pa yachinayi ndi yachisanu, nsapato imodzi atavula, chidendene chili ndi thuza lophulika.

Ndinatula ndowa n'kuima pambali pawo.

"Kwatsala ziwiri, bwana. Tikamaliza yachisanu ndi chimodzi titsikanso."

Anandiyang'ana ngati mwana amene wauzidwa kuti jakisoni watsala wina.

"Mayi inu, kodi mumachita zimenezi tsiku lililonse?"

"Chikepe chikafa, ee. Kungoti ndimanyamula ndowa ziwiri nthawi imodzi. Lero ndapepukidwa."

Anatsegula kabuku kaja. Tsamba la tsikulo linali loyera, analembapo deti lokha. Analiyang'anitsitsa, cholembera chili m'manja. Kenako anatulutsa fomu ya lipoti imene inali itanyowa ndi thukuta, anaiyala pabondo, n'kulemba pang'onopang'ono kuti palibe cholakwa chapezeka. Anasaina.

"Ndione," ndinatero.

Anandipatsa. Ndinawerenga mawu aliwonse kawiri, ndisanawabwezere. Misozi inali pafupi, koma ndinaikaniza. Munthu ameneyu sanayenere kuiona.

Masitepe amene anakhalapowo anali ndi madontho a madzi komanso zidindo za nsapato zawo. Ndinaviika mopu m'ndowa, n'kuufinya bwinobwino.

"Kwezani mapazi, bwana."

Anakweza onse awiri.