Phewa Lakumanja la a Andireya

A Sankhani anatukula malaya ena, kuwayang'anitsa kudzuwa, n'kulowetsa chala pabowo la paphewa. Chala chinatulukira kuseri. Anawaponya pamphasa pamwamba pa anzake, natola jekete yakuda imene malemu ankavala kutchalitchi. Nayonso inali ndi chigamba paphewa lakumanja, ndipo chigambacho chinali chitayamba kale kuperepeseka.

"Alamu," anatero a Sankhani, maso ali kwa anthu amene anakhala pabwalo, "akulu anga munkawasunga kapena munkawaweta?"

Linali tsiku lometa. Mitu ya abale inali mbee, ndipo zovala za malemu a Andireya zinali zitayalidwa pakhomo kuti zigawidwe monga mwa mwambo. A Sankhani, mng'ono wawo wa malemu, anachokera ku Katete. Pamudzi uno wa kufupi ndi Madzimoyo anali atapondapo kamodzi kokha, tsiku la ukwati wa akulu awo, koma pamaliro analira mokweza kuposa aliyense. Misozi itauma, maso awo anakakhazikika pa ngolo ndi ng'ombe ziwiri zimene zinali pansi pa mango, ndipo sanachokeponso.

Mayi Edita, mkazi wa malemu, anaweramitsa mutu. Namfedwa satsutsana ndi akuchimuna pabwalo. Koma mawuwo anawalasa mumtima, chifukwa malaya onsewo anawasoka ndi manja awo, chigamba pamwamba pa chigamba, mpaka ulusi kutha m'nyumba.

A Sankhani ataona kuti palibe wowadula, anatambasula nkhani yawo. Anati munthu wokhala ndi ng'ombe safa atavala nsanza, pokhapokha ngati kuchikamwini ankamudyera masuku pamutu. Choncho ngolo ndi ng'ombe zibwerere kwawo kwa mwini wake, kumene kuli anthu odziwa kuti iye anali ndani. Anthu anatembenukira kwa Lemmy, mwana woyamba wa malemu, amene amagwira ntchito yothandiza oyendetsa malole kuwolotsa katundu pamalire a Mwami. Lemmy sanatsutse. Iye anali ndi maganizo akeake: ng'ombe zipite kapena zitsale, amayi ake awatenga akakhale nawo ku Chipata, chifukwa nyumba iyi siiona Khirisimasi ili chilili.

Pa za nyumba sananame. Kuseri kwa khitchini kunali chigwembe. Kalekale inali njira chabe ya ngolo yotsikira kudambo, koma madzi saiwala khwawa, ndipo dzinja lililonse ankakumba pamene magudumu anadutsa. Chinameza njira, chinameza nthochi za a Jonah oyandikana nawo, ndipo mvula yathayi chinatenga chimbudzi cha a Andireya pamodzi ndi mtengo wa papaya. Tsopano nkhuku ikathawa mphamba kuseri kwa khitchini inkagweramo.

Nkhani ya chigwembe inali itagawa mudzi pakati. A komiti ya chitukuko ananena kuti ndalama zilipo zogulira mawaya omangira miyala ndi simenti, koma mudzi usankhe ntchito imodzi yokha, ndipo ngati ndi chigwembe, miyala anthu atute okha. Akumunsi, amene nyumba zawo zinali m'mphepete, ankafuna chigwembe chitsekedwe. Akumtunda, amene anali ochuluka, ankafuna mjigo. Wowatsogolera anali mayi Dolika, mkulu wawo wa mayi Edita, mwana wa amayi awo aakulu. Mayi Dolika sanali munthu woipa, kungoti lilime lawo silinkadziwa kuzungulira. Anali ataika m'manda kamdzukulu chifukwa cha madzi a kudambo, ndipo pamsonkhano uliwonse ankati ludzu ndi la aliyense pamene chigwembe ndi cha amene anamanga mosaona. Ankamaliza ndi funso limene linkatseka onse pakamwa: miyala yonseyo, kuchokera kuphiri, aisenza ndani?

A Andireya anaimirirapo kamodzi pamsonkhano wotere. Anali asanamalize n'kupereka moni komwe pamene mayi Dolika anawakumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo, nthaka ino ili ndi eni ake. Anthu anaseka. A Andireya anakhala pansi, navala chipewa chawo, ndipo sanalankhulenso za chigwembe pagulu. Mawa lake pochokera kumunda wawo wa m'tsinde mwa phiri anabwera ndi mwala paphewa. Mkuja wake chimodzimodzi. Ngolo ankakana kuitsitsa pamtsetse umenewo, amati ndi ngolo zomwezo zimene zinabala chigwembe. Ana anawapatsa dzina loti Amwala, ndipo iwo ankavomera.

Chimene chinkawapsetsa mtima mayi Edita sichinali malaya. Chinali chakuti mwamunayo akafika pakhomo pake ndi mwala, sankaima. Ankapitirira, kukwera m'mbali mwa chigwembe mpaka kumene chinayambira, kuseri kwa khitchini ya mayi Dolika. Anakangana nazo kangapo. Mayi Edita ankafunsa ngati pali munthu wamutu wabwino amene amasiya nyumba yake ikugwa n'kukatchingira ya amene anamunyoza pagulu. A Andireya ankangoti njoka amaimenya kumutu, n'kupempha madzi osamba.

Zonsezi zinadutsa mumtima mwa mayi Edita pamene a Sankhani ankapinda jekete ija mwachipongwe. Anaimirira. Azimayi amene anawazungulira anayesa kuwakoka chitenje, koma iwo anawasasa manja.

"Alamu, nyamulani jekete imeneyo munditsate. Nawenso Lemmy. Mukaone kumene malaya anathera."

Sanadikire yankho. Anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuyamba kukwera kanjira kopyapyala kamene mapazi a munthu mmodzi anapanga m'mphepete mwa chigwembe. A Sankhani anatsatira chifukwa cha manyazi, Lemmy chifukwa choopa kuti amayi ake angagwe, ndipo anthu a pabwalo chifukwa palibe amene amafuna kumva nkhani yotere kwa mnzake. Dzuwa la Okotobala linali litakwera. Kumanzere kwawo nthaka yofiira inali yasaa, mizu ya mitengo ikulendewera m'makoma.

Akukwera, chigwembe chinkachepa. Kenaka anafika pamene sichinalinso chigwembe. Miyala inali itayalidwa mopingasa, mzere pamwamba pa mzere ngati masitepe a tchalitchi, ndipo kuseri kwa mzere uliwonse dothi limene madzi anabwera nalo linali litakhazikika. Munali mutamera senjere, ndipo penapake dzungu linayanga lokha. Pambali panali mulu wina wa miyala yosayala, wotalika kuposa munthu, wodikira mawaya amene anali asanabwere.

Lemmy anaima kukamwa kuli pululu. Akabwera kumudzi ankagona usiku umodzi, m'mawa n'kuthamangira basi, ndipo za miyala ankazimva pafoni ngati chimodzi mwa zodandaula za amayi ake. Ankaganiza kuti ndi timiyala tingapo ta nkhalamba yosowa chochita. Anamva manyazi, koma pansi pa manyaziwo chifuwa chinam'tukuka, chifukwa munthu amene anachita izi anali atate ake.

Mayi Dolika anali pomwepo, akutsuka miphika imene anaphikira pamaliro. Anaona gulu, anaona jekete m'manja mwa mlendo, ndipo anapukuta manja pachitenje. A Sankhani anawafunsa kuti ntchito imeneyi anagwira ndi anthu angati.

"Ndi akulu anu okha," anayankha mayi Dolika. "Madzulo aliwonse ndinkamva mwala ukugwa, di. Ndikamva choncho ndimadziwa kuti nthawi yoteleka yakwana."

Kenaka analoza chitsa cha mtengo chimene chinali pafupi ndi muluwo. Anati masiku oyamba sankatuluka n'komwe, ankayesa kuti mlamu wawoyo akuwatonza. Koma dzinja litadutsa khitchini yawo ili chiimire, anayamba kusiya kapu ya madzi owiritsa pachitsapo. A Andireya ankatula mwala, kumwa, kuvundikira kapu, n'kumapita. Sanathokozane, ndipo za tsiku la msonkhano lija palibe anazitchulapo mpaka munthu walowa m'manda.

Mayi Edita za kapuyo sankazidziwa. Anayang'ana mkulu wawoyo nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire maliro anamva kuti sali okha.

A Sankhani anapatsira Lemmy jekete, nawerama pamulu. Anasankha mwala wapakatikati, osati waukulu, nautukula mpaka paphewa.  Anayenda pang'ono n'kuuponya pansi msanga, ndipo atayang'ana malaya awo oyera, ogulira maliro omwewa, paphewa panali patakalika kale. Wina kumbuyo anatsokomola pobisa kuseka.

"Alamu," anatero, ndipo ulendo uno anayang'ana mayi Edita, "pakamwa panga panathamanga. Pepani."

Atabwerera pabwalo kugawa kunatha msanga. A Sankhani anapempha jekete yokha. Za ngolo ndi ng'ombe anati adzakambirana chaka chamawa pomanga chiliza, ndipo aliyense wodziwa kulankhula kwa akuluakulu anamva kuti nkhaniyo yafera pomwepo. Malaya obooka aja, amene m'mawa palibe ankawafuna, analimbirana. A Jonah anatenga awiri.

Msonkhano wa mudzi, umene unaimitsidwa chifukwa cha maliro, unachitika mawa lake pansi pa mtengo wa kusukulu. Sunali wamtendere. Akumtunda anabwera ndi mjigo wawo, akumunsi ndi chigwembe chawo, ndipo panali kulozana zala monga kale. Mayi Dolika sanabweze ngakhale liwu limodzi pa za madzi. Anati ana akumwabe matope, ndipo sadzasiya kunena mpaka mjigo utakumbidwa. Koma anati funso lawo lija, loti miyala asenza ndani, analifunsa kokwanira, ndipo amene analiyankha anali munthu yemwe iwo anamukhazika pansi. Anapempha kuti ayambe ndi ntchito ya chigwembe, popeza mvula sidikira msonkhano, ndipo chaka chamawa akumunsi akhale oyamba kututa mchenga wa mjigo. Ena a mbali yawo anang'ung'udza kuti awagulitsa. Manja atakwezedwa, chigwembe chinapambana, koma osati ndi ambiri.

Pobwerera, Lemmy anayenda pambali pa amayi ake. Anali wokondwa, komabe mantha sanam'choke. Anawakumbutsa kuti kuvomera kwa mudzi si kufika kwa mawaya, kuti ndalama za boma zimayenda ngati bilimankhwe, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mchinji. Chipinda chilipo ku Chipata, anatero, angokhalako mpaka mvula ithe. Ananena mofatsa, chifukwa amawakonda amayi ake ndipo sankafuna kudzalandira foni ina yoipa.

Mayi Edita anamvetsera zonse. Njira yochokera kusukulu imadutsa m'tsinde mwa phiri, pafupi ndi munda wawo. Atafika pamenepo anapatuka, namasula kamtolo kamene anamanga m'chitenje. Anali malaya amodzi a malemu, amene anabisa asanayalidwe pamphasa. Anawapinda, kuwaika paphewa lakumanja, nawerama kutola mwala. Lemmy anati awalandire, iwo anapukusa mutu. Mzimayi amasenza pamutu, koma iwo anauika paphewa, ndipo anayamba kuyenda atapendekeka pang'ono monga ankayendera amuna awo.

Anatsika mtsetse, kudutsa pa nyumba ya a Jonah, kufika pa mango pamene ng'ombe zinali kubzikula. Chitseko cha nyumba yawo chinali chotsegula. Sanachiyang'ane.

"Amayi," anaitana Lemmy, "pakhomo mwapitirira."

"Ndikudziwa," anayankha, osatembenuka.

Anakwera kanjira kaja pang'onopang'ono, akupumira pamene mwina nawonso amuna awo ankapumira. Kuseri kwa khitchini ya mayi Dolika anatula mwala pamulu, ndipo unalira di. Pachitsa panali kapu yovundikira ndi mbale. Anamwa theka, natsala ataigwira m'manja, chifukwa kumunsi kwa kanjira Lemmy anali akubwera wefuwefu, nsapato zake za kutauni zikuterera, mwala uli paphewa.