Kadontho Kosamuka Tsaya

Pasipoti inafika Lachiwiri masana, Mayi Telala ali mkati mopinda diresi la eni ake. Anaipsompsona, n'kuiika pamakina osokera, kenako n'kuichotsaponso msanga poopa mafuta. Anaikulunga m'kansalu kotsala n'kudutsa nayo pakhonde kupita kwa amuna awo, omwe ankameta anthu m'chipinda choyandikana ndi chawocho. Zaka makumi awiri ndi zisanu banjali linkagawana khoma limodzi ndi waya umodzi wa magetsi, ndipo panalibe tsiku lomwe sanakanganirane wayawo.

Ulendo unali wa Lachisanu. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anakwatiwa kutsidya kwa malire, ndipo anali woyembekezera, mwezi wake uli womwewo. Pa mimba yoyamba anapita padera, mayi ake ali kuno opanda pasipoti, akungolira pafoni. Zimene zija zinawawawa Mayi Telala mpaka lero. Analumbira kuti ulendo uno mwanayo akamalowa m'chipatala, iwo adzakhala ali pakhomo pompo, chikwama cha matewera chili m'manja.

Amuna awo anazimitsa makina ometera, n'kupukuta manja pathalauza. Anatsegula kabukuko, kuyang'ana chithunzi, kuyang'ana akazi awo, kuyang'ananso chithunzi.

"Mayi a mwana, kodi ameneyu ndi ndani?"

"Musayambe."

"Ndikufunsa bwinobwino. Akufanana nanu ndithu, koma kadontho kake kali tsaya lina."

Mayi Telala anabadwa ndi kadontho kakuda patsaya la kumanzere, m'munsi pang'ono mwa diso, kakakulu ngati mutu wa phini. Analanda pasipotiyo n'kuima pagalasi lalikulu la mometeramo. Nkhope ya m'galasi ndi nkhope ya pachithunzi zinali ndendende, kadontho mbali imodzimodzi.

"Si izi? Maso anuwo akalamba, muziwauziratu anthu asanakupatseni mitu yawo."

"Eya, pamenepo ndiye pali vutopo," anatero amuna awo. "Galasi limatembenuza. Ine ndakalambira pagalasi, ndikudziwa. Inu nkhope yanu mumaionera m'menemo basi. Enafe timakuonani mmene mulili, ndipo pachithunzi mumayenera kuoneka mmene timakuonerani ifeyo."

Apa mtima wa Mayi Telala unangoti myuu. Chithunzicho anadzijambula okha. Pofunsira pasipoti pafoni panali malo otumizirapo chithunzi, ndipo iwo anakana kupita kwa wojambula wa pamphambano chifukwa ulendo wina anawatulutsa ngati munthu wodwala malungo. Amuna awo anawakananso, ati mumajambula denga. Ndiye anakhoma nsalu yoyera pakhoma, n'kutambasula mkono, n'kudzijambula ndi kamera yakutsogolo maulendo makumi anayi. Anasankha chimene chinafanana nawo kwambiri, osadziwa kuti kafoniko kamasunga nkhope motembenuza ngati galasi.

Tsoka lake pampando wometera panali a Ndinaliko, mutu wometedwa theka. Dzina limeneli anawapatsa ndi anthu a mumsewumo, chifukwa panalibe ngozi, ukwati kapena mlandu umene bamboyu sanauone ndi maso ake.

"Hmm, mlamu, pamenepa pavuta," anatero a Ndinaliko akupukusa theka lometedwalo. "Paboda pali makina. Amayeza nkhope ngati mmene inu muyezera chiuno. Ndinaliko ine tsiku lina, anabweza munthu chifukwa cha ndevu zokha. Nanga inu kadontho kachita kusamuka tsaya? Adzati pasipoti ndi ya mng'ono wanu."

"Ndilibe mng'ono."

"Iwowo akudziwa zimenezo?"

Amuna awo anayatsa makina n'kuwakanikiza a Ndinaliko mutu kuti atseke pakamwa, koma mawu anali atalowa kale.

Lachitatu Mayi Telala anatseka shopu n'kukaima pamzere ku ofesi ya mapasipoti kuyambira m'mawa mpaka miyendo kuchita dzanzi. Kalaliki wa pawindo anamvetsera nkhani yonse akutafuna chivindikiro cha cholembera. Anati kusintha chithunzi n'kotheka, koma pasipoti yatsopano imatenga milungu itatu.

"Milungu itatu mwana adzakhala atayamba kale kumwetulira. Tangondiuzani, achimwene, akandibweza kapena sakandibweza?"

"Zimenezo amadziwa ndi a paboda, mayi. Wotsatira."

Anabwerako ali khuma. Lachinayi lonse anasoka mokhota, kumasula, kusokanso mokhota. Ndiye cha m'ma folo koloko nzeru inawafikira, nzeru ya utelala yeniyeni. Chovala chikapanda kumukwana munthu, umachikonza. Koma chovala ichi chinali chodindidwa ndi boma, chopanda ulusi woti n'kumasula. Chotsala chinali kukonza wovalayo.

Anatenga tepi yoyezera n'kukhala pakagalasi ka makasitomala. Anayeza kuchokera pamphuno kufika pakadontho, kuchokera pakona ya diso kutsika, n'kulemba manambalawo pachikuto cha nsalu monga amachitira ndi muyeso wa aliyense. Anasamutsira muyesowo kutsaya la kumanja, kuika kachizindikiro ndi choko, kenako kudinda ndi pensulo ya nsidze. Kenikeni kaja anakamata ndi zodzola zophimba zimene anabwereka kwa mayi wa saluni, n'kuwazapo paudala. Kunena zoona ntchito inatuluka yaudongo. Mayi ameneyu sanabwezeredwepo chovala chifukwa cha muyeso.

Amuna awo atalowa kudzatenga wayawo anaima pakhomo kukamwa yasa.

"Kodi ndakwatira liti mkazi wachiwiri?"

"Sekani. Inu simukupita."

"Mayi a mwana, bwanji osangokawauza zoona anthuwo? Ndi anthu ngati ife, mafoni ali nawo."

"Ndikawauze zoona, andibweze, mwana wanga akabereke yekha kachiwiri? Inu ndiye mukapite m'malo mwanga?"

Amuna awo anachoka pakhomo paja. Anayandikira n'kukhudza tsaya la kumanzere ndi chala chimodzi, pamene panali pophimbidwapo. "Kameneka ndi kamene ndinayamba kukaona ndisanakuoneni inuyo," anatero motsitsa mawu. "Mukakabweretse." Anatuluka ataiwala waya.

Lachisanu m'mawa Mayi Telala anayezanso, kudindanso, kumatanso, n'kukwera basi. Chimene sanachiyeze ndi dzuwa. Windo la pampando wawo linali lofa, losatseguka, ndipo pambali pawo panakhala chimunthu chonenepa chotentha ngati ayironi. Maola asanu anakhala tsonga khosi gwa, osadya, osayasamula, osayerekeza n'komwe kupukuta thukuta. Ankalimva likuyenderera kuchokera m'duku, kudutsa pachipumi, kutsikira m'masaya, iwo n'kumangopemphera chamumtima. Kagalasi anali atakalongedza pansi penipeni pa chikwama, pansi pa matewera ndi timadiresi takhanda tomwe anasoka okha.

Basi itaima paboda, kondakitala anafuula kuti aliyense atsike ndi pasipoti yake, ndipo kutsidyako adikira mphindi makumi anayi zokha. Wotsala adziwa yekha.

Mzere unali pansi pa malata. Mayi wina wobereka mwana anawayang'ana Mayi Telala, n'kuyang'ana kumbali, n'kuwayang'ananso. Iwo anaganiza kuti akusirira diresi.

Pawindo panali ofesala wamkazi, wamsinkhu wa mwana wawo, maso otopa ngati wayang'ana nkhope zonse za padziko lapansi. Analandira pasipoti, kuyang'ana chithunzi, kukweza maso.

"Mayi, muli ndi timadontho tingati?"

"Kamodzi, mwanangu."

"Ine ndikuona tiwiri. Ndipo kenaka kakuyenda."

Mayi Telala anagwira tsaya la kumanja. Chala chinabwerako chakuda bii. Pensulo ija inali itasungunuka n'kutsetsereka mpaka kuchibwano, kumachita ngati kamchira, pomwe kumanzere paudala yense anali atakokoloka, kadontho kenikeni kali poyera ngati sikanachoke n'komwe.

"Tazungulirani uku," anatero ofesalayo.

Anawalowetsa m'kachipinda ka tebulo limodzi, mipando iwiri ndi fani yosazungulira. Anawauza kuti aike foni ndi chikwama patebulo. Pakhoma panali wotchi, ndipo Mayi Telala anaiyang'ana n'kuona kuti mphindi khumi ndi zisanu zapita kale. Mantha anawagwira enieni.

"Ndiuzeni bwinobwino, mwadzipentapenta chifukwa chiyani?"

Bodza linawathera. Anafotokoza zonse, nsalu yoyera pakhoma, zithunzi makumi anayi, a Ndinaliko ndi munthu wa ndevu uja, kalaliki wotafuna cholembera. Pofika pa tepi yoyezera ofesalayo anagwira pakamwa n'kutsokomola, chifuwa chosamveka bwino.

"Munachita kuyeza?"

"Masentimita atatu kuchokera pamphuno, awiri kuchokera padiso. Sindimagwira ntchito yongoganizira ine."

Ofesalayo anatembenukira kukhoma kwa kanthawi, mapewa akugwedezeka. Atatembenukanso anawapatsa tishu. "Pukutani zonsezo. Ndikufuna ndione mwini pasipoti."

Anapukuta. Tishu inada, nkhope inasanduka ya mawangamawanga. Ofesala anawagwira dzanja n'kukanikiza zala zawo chimodzichimodzi pakagalasi ka makina ena aang'ono. Makinawo anaganiza nthawi yaitali, kenako anayatsa kagetsi kobiriwira.

"Zala ndi zanu," anatero. "Mukudziwa, mayi, zithunzi zotembenuka ndimaziona pano. Ndikanakufunsani funso limodzi, zala n'kuyankha, inu n'kumapita. Koma munthu wobwera atasintha nkhope dala, ameneyo ndimayenera kumulembera fomu, akaonane ndi abwana."

"Abwanawo ali kuti?"

"Apita kumsonkhano. Abwera cha m'ma sikisi."

Kunja basi inaliza hutala kawiri. Ofesala anatsegula dirowa n'kutulutsa fomu ya masamba atatu, n'kuyamba kufunafuna cholembera. Mayi Telala anafuna kulira, koma manyazi anawatsekereza. Anadzikwiyira okha koopsa: munthu wamkulu, wa imvi zake, kudzitchera msampha ndi tepi yake yomwe.

Pomwepo foni inayamba kunjenjemera patebulo, ikuzungulira yokha. Pagalasi pake panalembedwa kuti Apongozi. Anali mwamuna wa mwana wawo, munthu waulemu amene sankaimba wamba.

"M'chipinda muno sitiyankha foni," anatero ofesala.

Inaleka. Inayambanso. Mayi Telala anapinda manja pachifuwa kuti asaigwire, misozi ikudula njira pa paudala wotsala. Italira kachitatu ofesalayo anapumira m'mwamba, n'kuikankhira kwa iwo ndi nsonga ya cholembera.

Mawu a mpongozi wawo anamveka chipinda chonse, akupuma mothamanga. "Amayi, zayambika. Tili m'galimoto, tikupita kuchipatala. Akuti ndikupatseni."

Panamveka phokoso, kenako mawu ena, aang'ono, onjenjemera, mawu amene Mayi Telala anawamva komaliza mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi atagwa panjinga.

"Amayi, ndikuopa. Mwawoloka?"

Kunama kwa tsiku limenelo kunali kutawakwana Mayi Telala, ndipo mwana wawo sakanamunamiza. Anatseka foni ndi chikhatho n'kuyang'ana ofesala.

"Ndimuuze chiyani?"

Ofesalayo anayang'ana fomu, pomwe anali atalembapo deti lokha. Anayang'ana chikwama, chomwe zipi yake inali itatseguka, kamkono ka diresi lakhanda kakusuzumira kunja. Anabweza fomuyo m'dirowa, n'kukoka pasipoti, n'kutsegula tsamba loyamba lopanda kanthu. Chidindo chinagwa, di.

"Muuzeni kuti mwawoloka. Pobwerera mukasinthe chithunzichi, ndipo akakujambuleni munthu wina."

"Ndawoloka, mwanangu," anatero Mayi Telala pafoni, mawu akuthyokathyoka. "Ndawoloka. Pumira pansi, mugwire dzanja mwamuna wakoyo mpaka ndifike. Ndikubwera."

Ofesala anatsegula chitseko cha mbali inayo, n'kuika zala ziwiri m'kamwa, n'kuimba likhweru loti munthu sangaliyembekeze kwa mtsikana wa yunifolomu. Basi, yomwe inali itayamba kale kusuntha, inaima. Mayi Telala anathamanga, chikwama chikuwamenya m'chiuno, foni idakali kukhutu, akumuuza mwana wawo mmene apumire.