Mayi Wopanda Nkhope

Theresa ankati makatuni ndi za ana. Ndiye pamene Mayi Ida, nkhalamba yachiyuda imene ankaisamalira kunyumba ya okalamba ku South Bend, ku America, anamupempha kuti awaperekeze ku Indianapolis kukaonera katuni imene mdzukulu wawo Joan anajambula, Theresa anaseka chikhakhali. Maola atatu pamsewu chifukwa cha tizidole! Anakazinga ndi mandasi omwe, ati azikadya uku akuseka.

Mandasiwo anabwerera osalawidwa. Filimuyo inali ya ana achiyuda amene anakwezedwa sitima yapamtunda kuthawa ku Germany nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili pafupi, makolo awo n'kutsala m'manja mwa akupha. Panali kamtsikana kovala chikhoti chokakulira, mayi wake atagwada akukamanga mabatani. Koma mayiyo analibe nkhope, manja okhaokha.

"Kodi a Joan anaiwala kujambula nkhope?" Theresa ananong'ona.

"Woiwala ndine," anayankha Mayi Ida mokalipa monga mwa masiku onse. "Ndinali ndi zaka zisanu. Chomwe ndikumbuka n'choti anaima pomwepo mpaka sitima inakhota."

 Zaka zisanu ndi zomwe mwana wa Theresa, Tusekele, anali nazo mu 2000, pamene anamusiya ndi azakhali ku Chilomoni. Kamwana kamene kaja kankamutsata paliponse, kumpopi, kutchalitchi, kali gwa kuchitenje. Azakhali anati mwana satsanzikidwa, amazembedwa, apo ayi ndege sukwera. Theresa anamvera. Anatuluka m'mamawa nsapato zili m'manja ngati wakuba, mwana ali pamphasa. Tsopano panali patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo pafoni Tusekele ankangoti "Ndili bwino, kaya inu," ngati akuyankha aphunzitsi. Theresa ankaopa kuti kwa mwanayo iyenso anasanduka mayi wopanda nkhope, koma kufunsa ankachita mantha.

Kutacha anagula khadi ya foni, n'kukanda manambala, n'kuimba ku Chilomoni.

"Tuse, tsiku lija ndinakuzemba uli m'tulo. Undikhululukire, mwanawe. Kodi umandikumbuka n'komwe?"

 Mufonimo, chapatali, munkamveka kondakitala wa minibasi akuitanira za ku Limbe, ndipo Theresa anapukwa kwawo.

"Sindinagone, amayi," anatero Tusekele. "Ndinatsinzina dala chifukwa munkalira, ndinkaopa kuti azakhali akukalipirani. Mutatuluka ndinakwera pampando, n'kumakuonani pawindo."

"Unandiona?"

"Eya. Munacheuka katatu musanafike pamtengo wa mapeyala. Ndinawerenga. Ndinkakubayibitsani, koma inu munkayang'ana kuchitseko."

Theresa anakhala pansi penipeni m'khitchini mwake, foni ili kukhutu. Khadi inatha onse awiri akulira, ndipo Theresa anavala nsapato kukagula ina.